Pasipoti ya Edwell Chisale

Pa milandu yonse imene ndinafufuza ndili wapolisi ku komboni ya Matero, umene umandisowetsa mtendere mpaka lero ndi uja ndinaumaliza msanga, anthu n'kundiyamikira. Palibe anaphedwa. Chinasowa ndi kabuku kamodzi basi.

Zinali zaka zija ufa unkagulidwa ndi makuponi. Shuga akafika m'sitolo, mzere unkazungulira msika wonse, ndipo mafakitale ankatseka zipata imodziimodzi. Galimoto yathu ya polisi inali itakhala pa njerwa chaka chathunthu, nkhuku za mkulu wathu zikuikiramo mazira. Chimene anthu anatsala nacho chinali mpira, ndipo ine, ndisakunamizeni, mpira unandilowa m'magazi kuposa onse.

Timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka makumi awiri inkatiliza. Ikapita ku mpikisano wa mayiko, inkasewera masewero atatu, n'kulongedza, n'kubwerako tisanaloweze n'komwe mayina a osewera. Koma chaka chimenecho tinali ndi mnyamata wa kwathu konkuno, Edwell Chisale, womwetsa zigoli. Ndinamuonapo ndi maso angawa akugoletsa katatu pa bwalo la fumbi, otchinga kumbuyo akugwa okhaokha. Matero yense ankati ulendo uno tikafika patali.

Lachisanu m'mawa ndili mu ofesi, munalowa bambo wonenepa, thukuta lili kamukamu. Anali Rex Chalwe, woyang'anira za ulendo wa timuyo. Kumbuyo kwake kunali Edwell, atavala jekete yakale yotuwa pamwamba pa zovala za timu.

"Ba Sajeni Miti, tafa," anatero Rex asanakhale n'komwe. "Pasipoti ya uyu mwana yabedwa. Ndege ni pa Mande kuseni. Yatsopano siingachoke mu masiku atatu, olo mupemphere bwanji. Ngati uyu sayenda, ni bwino tonse tinkale chabe."

"Mapasipoti amakhala ndi timu. Inapezeka bwanji kunyumba?"

"Ni ine wolakwa. Dzulo tinabamasula kuti bakalayile makolo. Uyu anapempha, ati bamai bake bafuna kuipempherera. Manje ine ningakane mapemphero?"

Ndinatembenukira kwa mnyamatayo. Pafupi chonchi, chibwano chake chinkaoneka kuti chinadziwana ndi lumo kalekale. Ndinachiona, koma sindinafune kuchiganizira.

"Unaiika pati?"

"Mu sutikesi, pansi pa bedi. Kuseni kuyangana, kulibe."

"Chinanso chasowa?"

"Kulibe."

"Nsapato zatsopano za mpira?"

"Zilipo."

Wakuba wa ku Matero wa masiku amenewo, wosiya nsapato zatsopano n'kutenga kabuku kokhala ndi nkhope ya munthu wodziwika dziko lonse, ine ndinali ndisanakumanepo naye.

"M'nyumbamo mumakhala angati?"

"Ine, bamai, na mufana wanga."

"Ali kuti mng'ono wakoyo?"

"Anayenda ku Kabwe. Vamalonda."

Rex anali atatsegula fayilo ya timu pa tebulo langa, ndipo maso anga anagwera pa mzere wa achibale. Panalembedwa m'bale mmodzi yekha: Dingani, mkulu wake, wa zaka makumi awiri ndi zinayi.

"Apa alemba mkulu wako," ndinatero.

"Ni bakulu banga. Ni bafupi chabe, so timabaseka ati mufana."

Munthu amene pasipoti yake yabedwa amakuwa, amatchula mayina a adani ake onse. Uyu ankangoyang'ana kukhomo ngati wabwera mokokedwa.

* * *

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kumunsi kwa tchalitchi. Zenera linali ndi zitsulo zonse, loko wa pachitseko ali bwinobwino, sutikesi yosathyoledwa. Mayi ake, Elina Chisale, anandilonjera atagwada. Iwo ndi malemu amuna awo anachokera ku Ntcheu, ku Malawi, kalekale kudzafuna ntchito m'dziko muno, ndipo Chichewa chawo chinali chisanasungunuke m'chilankhulo cha m'tauni.

"Tinaipempherera dzulo masana, bwana. Tinali amayi a Mvano asanu ndi mmodzi. Ndinaiika pa Baibulo, tinasanjika manja, tinaimba. Titamaliza ndinawabwezera eni ake."

"Eni ake ndani?"

"Awa," anatero akuloza mnyamatayo ndi milomo.

"Amayi anzanuwo anachoka nthawi yanji?"

"Dzuwa likadalipo. Ndinawaperekeza mpaka pa mpopi. Musawavutitse amayi aja, bwana, palibe analowa kuchipinda."

"Mwana wanu winayo ali kuti?"

"Anachoka Lachiwiri."

"Kupita ku Kabwe?"

Anayang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali ndithu. "Ngati awa anena kuti ku Kabwe, ndiye kuti ndi ku Kabwe."

Ndinakhala m'nyumbamo theka la ola, ndipo mayiyo sanatchule dzina loti Edwell ngakhale kamodzi. Ankangoti awa, awa, monga amachitira mayi wamasiye kwa mwana amene watsala ngati bambo wa pakhomo. Mwana womaliza sapatsidwa ulemu wotero.

Kutsidya kwa mpanda kunali Sophie, wogulitsa tomato pa kathebulo, munthu amene ntchentche siinkadutsa pa msewuwo iye osailemba m'mutu.

"Kawalala? Pa nyumba ya amake Dingani?" Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Awe, ba Sajeni. Angabe chani paja, njala? Ine ninkala pano kuchokela kuseni, galu wanga agona pa geti yao. Kulibe mulendo anangena, kuchoselako baja bamai ba nyimbo."

"Jekete wavala mnyamata uja ndi yake?"

"Ija yotuwa? Ni ya malemu batate bake. Pa malilo pogaba vovala banapasa mwana woyamba, ndiye mwambo wao. Ninaliko ine, ninaona na..." Anadziluma lilime. Anayamba kusanja tomato amene anali atasanjidwa kale. "Ine sininakambe kanthu. Mwamvela? Matero yonse izanipaya."

"Sunanene kanthu."

"Koma ngati mufuna vofunsa, funsani ichi. Bamai baja masiku atatu aya bachoka masana na kapoto ka kandolo, ati bayenda kuchipatala. Manje pa nyumba paja adwala ni ndani?"

* * *

Loweruka masana ndinavala malaya wamba n'kukaima pa msika. Mayi Chisale anatuluka ndi kapoto ka mbatata komanga m'nsalu, ndi kachikwama kawo ka buku la nyimbo m'khwapa. Sanalowere njira ya kuchipatala. Anadutsa njanji, n'kulunjika ku mafakitale, wapansi, ine pambuyo pawo ndikutukwana nsapato zanga za boma.

Anakaima pa nyumba yaikulu yosungiramo katundu ya fakitale ina yotsekedwa. Ndinaidziwa. Ntchito zitasowa, anthu anayamba kuloza alendo, ndipo kunkachitika chipikisheni: malole ankazinga msika, aliyense wopanda reji, chitupa chija cha unzika, ankakwera. Ogwidwawo ankasungidwa mmenemo podikira kuwatumiza kwawo.

Ku waya kunabwera mnyamata woonda, wamfupi, wa nkhope yosalala. Mayiyo analowetsa zala pa waya n'kumugwira tsaya.

"Edwell, mwana wanga, wagona bwanji?"

Edwell Chisale ndinali nditamusiya ku kampu ya timu m'mawa womwewo.

Mlonda wa pachipata anali Kafula, amene tinaphunzira limodzi upolisi. Ndinamupempha kaundula, iye n'kuyendetsa chala mpaka pa dzinalo.

"Uyo? Dingani Chisale. Tinamutola pa Chibili ku musika, agulisa fodya. Reji alibe. Ali chabe na kadi ya ubatizo ya ku mishoni ku Malawi, yolemba kuti anabadwila ku Ntcheu. Ni mulendo, mwandi. Bonse aba bayenda ku boda."

"Liti?"

"Lole ilipo, mafuta kulibe. Bakamba ati pa Chinayi, koma imwe muziba mwamene vinthu viyendela. Kapena mwezi ubwela."

"Atati si mlendo?"

"Mulembe kalata imwe ba polisi, mulumbile kuti anabadwila muno, na zina yake yeniyeni. Tizamuchosa lelo lomwe."

Nditatembenuka, mayi Chisale anali ataima kumbuyo kwanga. Sanadabwe kundiona.

* * *

Tinakhala pa chitsulo cha njanji yakale, ndipo anayamba okha ndisanafunse.

"Kwathu mimba yoyamba sachirira kwa eni, bwana. Mkazi amabwerera kwa amake. Ine ndinakwera basi ndili ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinakachirira ku Ntcheu. Ndiye Dingani ameneyo, wampirayu. Ndinabwera naye kuno ali ndi miyezi inayi, Malawi sakumudziwa. Patapita zaka zisanu ndinabereka Edwell pa kiliniki ya konkuno. Uja mwamuona ku waya uja."

"Anasinthana bwanji?"

"Kunali mphunzitsi wa mpira wa m'komboni muno, a Moven. Anabwera kunyumba bambo awo atangomwalira. Anati mwanayu ali ndi mwendo wa golide, koma zaka zamupitirira, ndiponso anabadwira kunja, timu ya dziko singamutenge. Anati tibwerekeni kadi ya kusikelo ya wamng'onoyu, tikamutengere reji, zikayenda banja lonse lidzadya. Pakhomo panalibe ndi mchere womwe. Kadiyo ndinaitulutsa ndine, ndi manja angawa."

"Wamng'onoyo anavomera?"

"Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anasangalala kuti dzina lake lidzamveka pa wailesi. Nthawi yake yotenga reji itakwana, kunalibe choti akatenge, chifukwa Edwell Chisale anali atatenga kale. Tinamupatsa kadi ya ubatizo ya mkulu wake, kuti azikhala nako kanthu m'thumba. Si imeneyo yamumangitsa."

Anatsegula kachikwama kaja. Pakati pa buku la nyimbo panali pasipoti.

"Lachinayi atabwera ndinawagwadira, mwana wanga yemwe. Ndinati pitani mukanene zoona, mng'ono wanu atuluke. Anati amayi dikirani ndikabwereko, kumeneko kukakhala azungu a matimu akuluakulu, ndikapeza mwayi ndidzakonza zonse. Ine ndinaona kuti akakwera ndege ija, dzina lapita nawo, ndipo uyu watsala wopanda dzina. Ndiye ndinatenga. Wakuba mukumufunayo ndine. Ndimangeni, koma mulembe zoona."

Ndinapita ku waya kuti ndimuone mnyamatayo pafupi. Ananditenga ngati mlendo wolemekezeka.

"Ba Sajeni, ine ku Malawi siniziba munthu olo umozi. Nabadwila pa Matero. Koma musabavutise bakulu banga. Bayenda pa Mande, ai? Mukabauze ati ba Kafula bali na wailesi, nizamvela bola yonse."

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna ndinene bwinobwino, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkazikamba mozungulira. Kalata ija ndikanailemba pomwepo, pa bondo, ndi cholembera cha Kafula. Mwana akanagona kwawo tsiku lomwelo. Koma kalata yonena kuti Edwell Chisale ali ku waya ikanafika kwa akuluakulu a mpira dzuwa lisanalowe, ndipo wina uja sakanakwera ndege. Mwinanso akanamangidwa. Ndinadziuza kuti ndikupulumutsa ana onse awiri. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kumva timu yathu ikupambana kamodzi kokha ndisanafe.

"Mayi," ndinatero, "ndipatseni kabukuko. Ndege ikangonyamuka Lolemba, kalata yanga singaibwezenso. Ndidzalemba masana omwewo, mwana wanu adzatuluka. Lole ilibe mafuta mpaka Lachinayi."

"Bwanji osalemba lero?"

"Masiku awiri okha, mayi. Ndikulonjeza."

Anandiyang'ana monga anayang'anira mwana wawo dzulo lake. Kenako anandipatsa ndi manja awiri.

* * *

Ku kampu Rex Chalwe anandikumbatira mpaka kundinyamula. Ndinamuuza kuti inagwera kuseri kwa sutikesi, pakati pa khoma ndi bedi. Anakhulupirira, popeza iye za kusinthanaku sankazidziwa, ndipo munthu wosangalala safunsa mafunso.

Wampira uja ananditsatira mpaka kuchipata.

"Mwamuona?" anafunsa chapansipansi.

"Ndamuona, Dingani."

Dzinalo linamugwetsa nkhope. Anagwira kolala wa jekete ija n'kuyang'ana pansi. "Nikabwela nizakonza vonse, ba Sajeni. Mulungu aona. Imwe musungeni chabe."

"Akuti adzamvera pa wailesi."

Anabwerera kwa anzake akupukuta m'maso ndi mkono.

Lolemba Rex ananditumizira galimoto kuti ndikaperekeze nawo timu ku bwalo la ndege. Ndikanakana. Ndikanakhala mu ofesi ndi kalata yolembalemba, kudikira ola likwane. Koma wapolisi wa ku Matero saitanidwa kawirikawiri kukaima pakati pa akuluakulu, ndiye ndinasita yunifolomu n'kupita. Anandionetsa kwa aliyense kuti uyu ndiye watipulumutsa. Ndege inachedwa maola atatu, ine ndikumwa zoziziritsa kukhosi zaulere.

Ku mafakitale ndinafika cha m'ma folo koloko, kalata ili m'thumba. Chipata chinali chotsegula. M'nyumba muja munali mayi mmodzi akusesa.

Kafula anatambasula manja. "Mafuta yanabwela dzulo, mwandi. Ndani angaganize? Lole yachoka seveni awazi kuseni. Apa bafika na ku Nyimba, pa njila ya ku boda."

M'dziko limene chilichonse chinkachedwa, malipiro, ufa, ndege yomwe, ine ndinadalira kuchedwa. Chinthu chimodzi chokha chinafulumira chaka chonsecho, ndipo chinali chimenechi.

Ndinathamangira ku ofesi kukaimba lamya ku tauni ya Chipata, kufupi ndi malire. Mawaya anali atafa kuyambira sabata yatha. Uthenga wanga unafika Lachitatu, yankho n'kubwera loti anthuwo anawoloka malire Lachiwiri m'mawa, ndipo kutsidyako aliyense anauzidwa kuti azipita kumudzi kwawo.

Mayi Chisale ndinawapeza atakhala pakhonde, chikwama cha ulendo chili pambali. Anali atamva kale. Anafika ku waya masana monga mwa masiku onse, n'kupeza kulibe munthu.

"Ndege yanyamuka bwino, bwana?"

"Yanyamuka, mayi."

"Ndiye kuti ntchito yanu mwaigwira."

Ndinatulutsa kalata ija, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Anailandira, anaipinda, anaiika m'chikwama.

"Ku Ntcheu amayi anga anamwalira, achimwene anga anasamuka. Mwanayu dzina la mudzi wathu salidziwa n'komwe, sindinamuphunzitse. Ndikayambira pa malire kufunsa."

"Ndikhululukireni, mayi."

"Ine ndinapereka kadi, inu mwapereka kabuku. Akhululukire mnzake ndani?"

Ananyamuka m'mawa mwake. Nyumba ija munalowa anthu ena mwezi usanathe, ndipo ngakhale Sophie, amene ankadziwa zonse, sanamvepo ngati mayiyo anamupeza mwana wawo. Ndinalemba makalata anayi ku mishoni ija. Palibe inayankhidwa.

Timu inachita monga mwa nthawi zonse. Inagonja masewero awiri, achitatu n'kufanana mphamvu, ndipo inabwerako sabata yachiwiri isanathe. Dingani sanabwere nawo. Anatsalira kumeneko ndi katimu kena kakang'ono, bondo n'kumuthera chaka chotsatira, ndipo za iye ndinamva zokhazo.

Koma pa masewero oyamba aja anagoletsa. Linali Loweruka masana, tili asanu ndi atatu mu ofesi, titazungulira wailesi ya mabatire otha. Tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi. Wolengeza anayamba kukwera mawu, wadutsa mmodzi, wadutsa wachiwiri, kenako anang'amba kukhosi: "Edwell Chisale! Edwell Chisale!" Kunja Matero yense anaphulika, malata akuombedwa, amayi akululutira, ana akuthamanga m'misewu ndi dzina lomwelo pakamwa.

Ine ndinkadziwa mwini dzinalo. Ndinkadziwa kuti masana amenewo ali penapake kutsidya kwa malire, m'dziko limene sadziwamo munthu, ndipo kuti wamufikitsa kumeneko ndine. Ndinkadziwa zonsezo bwinobwino. Komabe ndinadumpha pa mpando, chipewa n'kugwa, ndipo ndinakuwa nawo kuposa onse m'chipindamo.